Nanga alekichala amawaphunzitsa ndani?

Dalaivala amene wakunyamulani m'mawa uno sanangodzuka n'kuyamba kunyamula anthu. Laisensi wamba siikwana. A RTSA amafuna kuti akhalenso ndi PSV, cifukwa kuyendetsa galimoto uli wekha n'kosiyana ndi kuyendetsa basi yodzaza miyoyo ya eni ake. Ngakhale uja wa ku sukulu ya madalaivala, amene amakhala pa mpando wa pambali n'kumauza mnzake kuti ponda kilachi, ali ndi pepala lakelake. Kudziwa kuyendetsa ndi kwina, kudziwa kuphunzitsa munthu kuyendetsa ndi kwinanso.

Manje tiyeni ku makoleji ndi ku mayunivesite, kumene ambiri a inu mumatumiza ndalama za mafizi malipiro akangolowa. Mphunzitsi wa Giredi 1 saloledwa kugwira coko popanda pepala la uphunzitsi ndiponso laisensi ya Teaching Council of Zambia, bungwe limene linabwera ndi lamulo la 2013. Koma munthu amene adzaima kutsogolo kwa ophunzira mazana m'holo ya pa yunivesite, coyamba cimene amamufunsa ndi digiri ya masters kapena PhD ya phunziro lake. Akafuna kukwezedwa pa nchito, kawirikawiri cimene cimalemera ndi zofufuza zimene wasindikiza. Zakuti ana a eni amamva kapena samva zimene amakamba, zimenezo zimabwera kumapeto kwa fomu, ngati ziliko n'komwe.

Ndinaphunzira utolankhani pa koleji ina muno mu Lusaka, ndipo mitundu iwiri yonse ya alekichala ndinakumana nayo. Ena anali kulowa ndi faelo ya manotsi, mapepala ake acita cikasu ndi ukalamba. Akatsegula, ndiye kuwerenga, ife kulemba, mpaka dzanja kuuma. Pakapita mphindi 20 adzutsa mutu n'kufunsa ngati tili pamodzi. Tonse tiyankha kuti inde, pamene theka la kalasi latsalira pa tsamba loyamba. Munthuyo sanali mbuli, ayi. Zinthu anali kuzidziwa maningi. Koma zinali kukhala m'mutu mwake ndi m'faelo mwake, kwa ife kunali kungofika mthunzi cabe.

Ena anali amayi acikulire amene anagwirapo nchito m'nyuzipepala. Tsiku laciwiri cabe anatitumiza ku msika kuti aliyense abwere ndi nkhani ya mau 200 isanakwane 14 koloko. Tinabwera ndi zinyalala. Iwo anatenga ya mmodzi wa ife, dzina atabisa, n'kuilemba pa bolodi, ndipo tonse tinaikonza ciganizo ndi ciganizo. Lero ndikalemba ndime yoyamba ya nkhani, ndimamvabe mau ao. Za m'faelo lija ndinazisiya m'cipinda ca mayeso tsiku lomwelo.

Kwa mtolankhani, kuphunzitsidwa moipa kumathera pa nkhani yoipa imene mkonzi amaitaya. Kwa lekichala wophunzitsa aphunzitsi nkhani ndi ina, cifukwa kaphunzitsidwe kake sikathera pa iye. Amakapatsira kwa ophunzira ake onse, ndipo aliyense wa iwo amakakapereka kwa ana masauzande pa zaka zonse za nchito yake. Zotsatira zake simungazione bwino kuno ku tauni, kumene kholo likaona kuti mwana sakuwerenga limamangira lamba n'kumulipirira matyushoni. Muyenera kukwera basi pa Intercity, mudutse Chongwe ndi Rufunsa, mutsike mapiri mpaka pa Luangwa Bridge pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, muwoloke, mupitirire Kacholola, mufike pa Nyimba. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 300. Ambiri a inu Nyimba mumaidziwa cifukwa ca nthoci zimene amakupatsirani pa windo la basi. Ine ndi kwathu.

Asisi anga amaphunzitsa pa pulaimale ina m'boma lomweli, kutali ndi tala, kumene mvula ikagwa njinga yamoto ndiyo imakhala basi. Anacita dipuloma yao pa koleji ina ya uphunzitsi ndipo anapambana bwino. Anawapatsa Giredi 2. Zimene amandiuza za caka cao coyamba ndizo zinandicititsa kulemba nkhaniyi.

Ku Nyimba ndi ku Petauke ana ambiri amakula ndi Cinsenga. Cinyanja ca m'buku ndi cibale cake, koma si cimodzimodzi. Buku likuti madzi, mwana akudziwa manzi. Buku likuti tsopano, kunyumba amati lomba. Mphunzitsi akapereka moni wa muli bwanji, agogo kunyumba amafunsa kuti muli tyani. Kusiyanaku kumaoneka kocepa kwa munthu wamkulu, koma kwa mwana wa zaka 7 amene akuyamba kumene kulumikiza liwu ndi cilembo, ndi mtsinje woti awoloke. Ku koleji asisi anaphunzira maina a Piaget ndi Vygotsky. Analoweza ubwino wophunzitsa ana m'magulu, ndipo funso limeneli litabwera pa mayeso analikhoza. Coseketsa, kapena comvetsa cisoni, n'cakuti ubwino wa magulu umenewo anaulemba kucokera pakamwa pa lekichala amene anakamba yekha maola awiri, popanda wophunzira aliyense kutsegula pakamwa. Palibe anawaonetsako zocita ndi mwana amene amadziwa zilembo zonse koma sangathe kuphatikiza "ga" ndi "lu" kuti apeze galu.

Ndiye anacita ciyani? Anacita zimene anaziona moyo wao wonse. Analemba pa bolodi, kuloza ndi kamtengo, ana n'kumabwereza onse pamodzi mokuwa. Munthu wodutsa panja akanati pano pakuphunziridwa zedi. Kumapeto kwa temu anaitana ana mmodzimmodzi kuti awerenge mau omwewo atawalemba pa kapepala, ndipo ambiri anangoyang'ana pansi. Anali ataloweza nyimbo, osati kuwerenga.

Zimenezi si zacilendo. Katswiri wina wa ku America, Dan Lortie, analemba mu 1975 kuti munthu pomaliza sukulu amakhala atatha maola pafupifupi 13,000 akuonerera aphunzitsi. Ndiye kuti asanalowe n'komwe ku koleji ya uphunzitsi, m'mutu mwake muli kale cithunzi ca mmene mphunzitsi amacitira. Koleji ili ndi zaka zitatu cabe zoti isinthe cithunzico. Ikamuonetsanso comweco, imangocikhomera misomali.

Ziwerengero zimene tili nazo sizitisangalatsa. Mu 2018 zinatuluka zotsatira za mayeso a PISA for Development, amene Zambia inatengako mbali. Pa ana a zaka 15 amene anali pa sukulu, pafupifupi 5 pa 100 alionse ndiwo anafika pa mlingo wocepetsetsa wa kuwerenga momvetsa. Pa masamu anali pafupifupi 2. Awa si ana osiya sukulu, ndi ana amene anakhala pa desiki zaka ndi zaka. Mu Januwale 2022 boma linayambitsa maphunziro aulere, ana anabwerera m'makalasi mwaunyinji, ndipo caka comweco linalemba nchito aphunzitsi 30,496. Ndi nchito yaikulu, sindikutsutsa. Mu Januwale 2025 kunayambanso silabasi yatsopano, ija yabweretsa Fomu 1 ndi kuti pulaimale izithera pa Giredi 6. Mtima wake ndi wakuti mwana aziyesedwa pa zimene angathe kucita, osati zimene angathe kubwereza. Pa pepala n'zabwino. Koma amene adzaiphunzitsa ndi aphunzitsi omwe aja, ocokera m'manja mwa malekichala omwe aja.

Sikuti dziko lino silinaganizepo za nkhaniyi. Pa mseu womwewu wopita kum'mawa, m'boma la Chongwe, pali Chalimbana, pamene aphunzitsi akhala akusulidwa kuyambira mu 1939. Kwa zaka zambiri inali koleji yoonjezera luso la aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo lero ndi yunivesite. Ku Luanshya kuli Technical and Vocational Teachers' College, imene nchito yake ndi kutenga makanika, kalipentala kapena wamagetsi n'kumuphunzitsa kaphunzitsidwe. Anthu a zaluso anaizindikira kale mfundoyi, ndipo TEVETA imafuna kuti wophunzitsa akhale wovomerezeka. Mnyamata wa ku Nyimba amene wapeza basale ya CDF n'kupita ku Ukwimi Trades, kuja kunali msasa wa othawa nkhondo a ku Mozambique, sangaphunzire kuwocherera zitsulo pomvera manotsi. Aliyense amavomereza zimenezi. Cimene cimandidabwitsa n'cakuti pa uphunzitsi, umene ulinso luso la manja ndi maso, timaganiza kuti manotsi akwana.

Njira imene ine ndimaiona kuti ili ndi nzeru kwambiri inabwera mu 2005, pamene Unduna wa Maphunziro mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA unayamba Lesson Study m'cigawo ca Pakati, kenako n'kufalikira m'dziko lonse. Kacitidwe kake n'kosavuta kumva. Aphunzitsi a pa sukulu imodzi amasankha phunziro limene limavuta ana, tinene kucotsera kobwereka. Amakonza phunzirolo pamodzi. Mmodzi amakaliphunzitsa, anzake atakhala kumbuyo. Ndipo apa ndiye pagona nkhani: oonererawo sayang'ana taye ya mphunzitsi kapena Cingelezi cake, amayang'ana ana. Ndani wasokera, wasokera pati, walemba ciyani m'kope. Akatuluka amakambirana, amakonzanso phunzirolo, n'kukaliphunzitsa kaciwiri m'kalasi ina. Kuyambira 2016 mpaka 2019 nchitoyi inalowanso m'makoleji ocepa osankhidwa, pansi pa dzina la IPeCK, kuti malekichala a masamu ndi sayansi azigwira nchito limodzi ndi masukulu oyandikana nao m'malo mongokamba za kalasi imene anaisiya zaka 15 zapitazo.

Mu 2020 kunabweranso pulojekiti ya Transforming Teacher Education, ya zaka zisanu, ya ndalama zokwana madola 15 miliyoni zocokera ku USAID. Inatsogoleredwa ndi Florida State University pamodzi ndi University of Zambia, ndipo inalunjika pa malekichala a m'makoleji ndi mayunivesite 12 ophunzitsa aphunzitsi, makamaka pa kaphunzitsidwe ka kuwerenga. Imeneyi inagunda penipeni pa bala. Koma monga mukudziwa, mu 2025 boma la America linatseka USAID. Ndalama za mtundu umenewo tisaziyembekezerenso msanga.

Cimene cinasintha asisi anga sicinali ca ku koleji. Cinali Catch Up, imene inayesedwa koyamba mu 2016 m'masukulu 80 a kum'mawa ndi kum'mwera, kutengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Mwana wa Giredi 3 mpaka 5 amayesedwa payekha, ndipo ana amagawidwa malinga ndi pamene afika: awa sadziwa zilembo, awa amawerenga mau, awa ndime. Kwa ola limodzi amaphunzira m'magulu amenewo, pansi pa mtengo kapena pa simenti, ndi timakadi, timitengo ndi miyala. Ngakhale kalasi yao inali ya ang'onoang'ono, asisi anatengako nzeru. Anayamba kulandira manzi ngati yankho labwino, kulilemba pa bolodi pambali pa madzi, n'kufunsa ana kuti apeze zilembo zasiyana. Mau amene kale anali colakwa anasanduka phunziro.

Koma cimene ndikufuna muone pa Catch Up ndi ici. M'njira imeneyi, munthu amene adzaphunzitsa aphunzitsi amayenera kuyamba iye mwini wakhala pansi ndi ana enieni kwa masiku angapo, kuyesa zimene adzauza anzake. Sungaphunzitse cimene sunacigwirepo. Lamulo limeneli likanafika m'makoleji athu onse, maofesi ena akanakhala opanda anthu kwa mwezi wathunthu, ndipo zikanakhala bwino.

Wina anena kuti zimenezi ndi za ana a pulaimale, ku yunivesite kuli akuluakulu odziwerengera okha. Ofufuza anayesa. Mu 2014 Scott Freeman wa ku University of Washington ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 225 za makalasi a sayansi, uinjiniya ndi masamu m'mayunivesite. Kumene lekichala anali kungokamba yekha, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 anali kulephera. Kumene ophunzira anali kupatsidwa zocita ndi zokambirana m'kati mwa phunziro, olephera anali pafupifupi 22. Zambiri mwa zofufuzazi ndi za ku America, kumene malaibulale ndi odzaza ndipo malaiti sazimazima, conco tisazimeze zonse. Komabe kusiyana kwa anthu 12 pa 100 si kwamasewera. Kwa inu amene mumalipira, kosi yobwereza ndi ndalama ina. Kwa mwana amene ali pa loni ya boma, ngongole imamudikira ngakhale pepala litavuta.

Ndipo zina mwa njirazi sizifuna ngwee. Eric Mazur, pulofesa wa fizikisi pa Harvard, anapeza ca m'ma 1990 kuti ophunzira ake anali kukhoza masamu a m'mayeso koma osamvetsa tanthauzo lake. Anayamba kucita motere: afunsa funso limodzi, aliyense asankhe yankho payekha, kenako atembenukire kwa mnzake wa pambali amene wasankha zosiyana n'kumukopa, ndiyeno asankhenso. Nthawi zambiri ulendo waciwiri olondola amaculuka, cifukwa amene wangomvetsa kumene amakumbukira pamene panali pomuvuta, pamene pulofesa anaiwala kalekale. Zimenezi zingacitike ndi zala za m'manja m'holo ya anthu 300. Mai wina wofufuza, Mary Budd Rowe, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi cabe. Akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ngakhale aja ofatsa amayamba kukweza manja. Masekondi atatu! Kondakitala amatenga nthawi yoposa pamenepo kufunafuna chenji.

Tinenenso zoona kumbali ya malekichala, cifukwa kuwanyoza n'kosavuta. Munthu ali ndi ophunzira mazana, mapepala oconga afika m'khosi, maikolofoni inafa caka catha. Ena m'mawa ali pa yunivesite iyi, madzulo pa ina, Loweruka ali ndi a maphunziro a patali, zonsezi kuti lendi ikwane. Ukamuuza kuti asinthe kaphunzitsidwe, amaona ngati wamuonjezera katundu. Ndiponso palibe anamuonetsapo njira ina. Nayenso akubwereza zimene anaona, monga asisi anga.

Maiko ena anaona kuti kungodandaula sikuthandiza. Ku Britain, lipoti la Dearing la 1997 linalimbikitsa kuti ophunzitsa m'mayunivesite aziphunzitsidwa kaphunzitsidwe, ndipo lero mayunivesite ambiri kumeneko amafuna lekichala watsopano acite kosi yotero m'zaka zake zoyamba. Ku South Africa, Rhodes University ili ndi dipuloma ya malekichala okhaokha. Kuno nakonso makosi a kaphunzitsidwe alipo m'mayunivesite angapo, ndipo tili ndi Higher Education Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 kuti iziyang'anira ubwino wa maphunziro apamwamba. Mantha anga ndi akuti tingasandutse nkhaniyi kukhala pepala lina lopacika pa cipupa. Timadziwana. Tingatengere anthu ku hotelo ku Siavonga kapena ku Kabwe masiku asanu, wina aime kutsogolo ndi kompyuta kuwawerengera maola sikisi za kuipa kowerengera anthu, asaine alawansi, ajambulitse cithunzi ca pagulu, Lolemba faelo lacikasu lija n'kutsegulidwanso.

Cimene cimasintha munthu, monga Lesson Study yaonetsera, ndi mnzake kulowa m'kalasi mwake. Apa ndiye pali pobvuta, cifukwa pa yunivesite citseko ca kalasi cili ngati ca kucipinda cogona. Dokotala wa maphunziro kuuzidwa ndi mnzake kuti mizere itatu ya kumbuyo inasiya kumvera pa mphindi ya 15, ena angaone ngati cipongwe. Koma madokotala a m'cipatala amaonererana pa opaleshoni, ndipo ife atolankhani nkhani zathu zimadulidwa ndi mkonzi tsiku lililonse, nthawi zina pamaso pa anthu. Sitifa nazo. Kucita zimenezi sikufuna madola a ku Washington. Kumafuna mkulu wa dipatimenti woika ola limodzi pa ndandanda ya sabata, ndi bungwe lokweza anthu pa nchito limene lingawerengere ola limenelo ngati nchito yeniyeni.

Inunso makolo muli ndi pofunsa. Mukapita kukaona koleji ya mwana, timakonda kufunsa za hositelo, za madzi ndi za mafizi olipira pang'onopang'ono. Funsaninso kuti pepala la mwana likacongedwa limabwerera ndi ndemanga kapena ndi nambala cabe. Ngati ndi koleji ya uphunzitsi, funsani kuti mwana akapita ku TP, kuja amakayesera kuphunzitsa pa sukulu yeniyeni, lekichala amapita kangati kukamuona. Ndipo mwana akabwera pa holide, musamufunse cabe kuti wakhoza bwanji. Muuzeni akufotokozereni cinthu cimodzi cimene waphunzira, m'Cinyanja, mpaka inu mumve. Mudzadziwa msanga kumene ndalama yanu ikupita.

Temu ino asisi anga alandira atsikana awiri a TP pa sukulu yao. Onse anafika ndi mafaelo okongola, mapulani a phunziro olembedwa ndi mapeni a mitundu itatu. Tsiku loyamba mmodzi analemba pa bolodi, n'kutenga kamtengo, ana n'kuyamba kukuwa pamodzi. Asisi sanamudzudzule. Anamulowetsa m'kagulu ka aphunzitsi kamene kamakumana pa sukulupo, ndipo sabata yotsatira iye ndiye anakhala kumbuyo ndi kope, kulemba maina a ana amene milomo yao inali kungoyenda popanda maso kuyang'ana pa bolodi. Anapeza 19.

Lekichala wa atsikanawa akuyembekezeka kubwera kamodzi, mseu ukalola. Mwa nthawi zonse amakhala kumbuyo ndi fomu yake mphindi 40, kupereka mamalikisi, n'kuthamangira sukulu ina dzuwa lisanapendeke. Ulendo uno asisi apempha ahedi kuti alembere ku koleji, kupempha mwaulemu kuti alekichala akadzamaliza kuconga, adzatengeko coko n'kuphunzitsa Giredi 2 kwa theka la ola, atsikana aja ataonerera. Kalata inapita ndi wa njinga yamoto mpaka pa boma sabata yatha. Yankho likalibe kubwera.